Mizinda isanu ndi iwiri m'masabata awiri? Chepetsani, mayi, kuti mukasangalale

Mayi wina wa ku Lilongwe watilembera motere: "Chaka chamawa ine ndi amuna anga tikwanitsa zaka khumi tili pabanja, ndipo takhala tikusunga ndalama zoti tikacheze ku Ulaya. Tonse sitinapiteko. Tchuthi chathu ndi cha masabata awiri mu Meyi. Tikufuna tikaone London, Paris, Amsterdam, Barcelona, Venice, Florence ndi Roma. Ine mtima wanga uli pa Paris, koma abambo ndi Mkatolika wolimba, akuti popanda Roma iwo sapita. Tiyambire pati, nanga tiyende bwanji?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndakondwera nanu pa zaka khumizo. Ndiyambe ndi mawu amene mwina sakusangalatsani: mizinda isanu ndi iwiri yachuluka. Sankhani itatu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pa ulendo woyamba wa ku Ulaya anthu ambiri amagwa chagada chomwecho, kubwerako ndi zithunzi zodzaza foni koma osakumbuka kuti tchalitchi chija anachiona mumzinda uti.

Tiyeni tiwerenge masiku anu pamodzi. Ndege yochoka ku Kamuzu International Airport yopita ku Ulaya mwachindunji palibe, ndiye kuti mudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mukanyamuka tsiku loyamba, mugona mundege ndi kutera m'mawa wa tsiku lachiwiri. Pobwerera ndi chimodzimodzi. Pa masiku 14 anu aja, ogona pabedi la ku Ulaya akutsala 11. Tsopano muwagawe ku mizinda isanu ndi iwiri. Paliponse mugona kamodzi kapena kawiri, ndipo musamuka kasanu ndi kamodzi. Kusamuka kulikonse kumadya pafupifupi theka la tsiku, ngakhale sitimayo ithamange bwanji. Mulongedze katundu, mutuluke muhotela nthawi ya 10 kapena 11 m'mawa, mukoke masutikesi mpaka kusiteshoni, mudikire, mufike, musochere pang'ono posaka hotela yatsopano, kenako akuuzeni kuti chipinda chikonzeka 3 koloko masana. Ngati ndi pa ndege, onjezanipo maola awiri odikirira pabwalo ndi ulendo wochoka pabwalolo kukafika m'tauni. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti masiku atatu athunthu atha muli ndi sutikesi m'manja. Ndalama zomwe mwasunga movutikira zisathere m'masiteshoni.

Mwayi wanu ndi woti mizinda iwiri yadzisankha kale. Inu Paris, abambo Roma. Wachitatu ukhale umene uli m'njira, ndipo umenewo ndi Florence, chifukwa sitima yothamanga imayenda ola limodzi ndi theka kuchokera kumeneko kufika ku Roma. Ine ndikanati mugone masiku anayi ku Paris, atatu ku Florence ndi anayi ku Roma.

London muichotse poyamba, ndipo chifukwa chake ndi mapepala. Dziko la Britain silili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene mumayendamo ndi visa imodzi. Mukaiikamo mufunika visa ziwiri, ndalama ziwiri, mafomu awiri, ndipo pasipoti yanu ikhala ku ofesi ina pamene ofesi inzake ikuifuna. Sitima ya Eurostar imalumikiza London ndi Paris m'maola awiri ndi mphindi zochepa, n'chifukwa chake pamapu zimaoneka zophweka, koma kwa munthu woyenda pa pasipoti ya Malawi mtengo wake ndi waukulu. London iyenera ulendo wakewake. Amsterdam ili maola atatu ndi mphindi pafupifupi 20 pa sitima kuchokera ku Paris, koma ili kumpoto pamene inu mukulowera kummwera. Barcelona ifuna ndege ina. Venice yokha ndiyo ndingamvetse mutaikakamira: mukafuna, ilowe m'malo mwa Florence, osati kuwonjezera. Ndi yokongola mosaneneka, koma ndi yodula, ndipo muli milatho ya masitepe paliponse, zomwe zimazunza munthu wokoka sutikesi.

Tsopano visa, pakuti ulendo wonse watsamira pamenepa. France ndi Italy onse ali mu Schengen, gulu la mayiko 29 amene anachotsa zipata zoonera mapasipoti pakati pawo. Visa imodzi ikukwanirani. Lamulo lake ndi lakuti mumapempha ku dziko limene mukakhalitse, ndipo ngati masiku ali ofanana, ku dziko limene mukalowere. Pa dongosolo ndakupatsanili mugona masiku asanu ndi awiri ku Italy ndi anayi ku France, choncho mupempha ya Italy ngakhale mukatere ku Paris. Anthu ambiri amalakwitsa apa poganiza kuti kumene ndege yatera ndi kumene kuli visa. Musapemphe ku dziko lina chifukwa mwamva kuti kumeneko savuta. Wa pachipata ali ndi ufulu wofunsa mapepala a hotela, ndipo akaona kuti sakugwirizana ndi visa, akhoza kukubwezani.

Si mayiko onse a ku Ulaya amene ali ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Ena amatumiza ntchito ya visa ku ofesi ya dziko linzawo kapena ku kampani yolandira mafomu, ndipo nthawi zina munthu amayenera kupita ku dziko loyandikana nalo kukatengedwa zidindo za zala. Choyamba kuchita sabata ino ndi kulowa pa tsamba la boma la Italy lokhudza visa ndi kuona kumene anthu okhala ku Malawi amapereka mafomu, popeza zimenezi zikhudza nthawi ndi thumba lanu. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti munyamuke. Yankho kawirikawiri limatuluka m'masiku 15, koma akhoza kulichedwetsa mpaka masiku 45. Pa ulendo wa mu Meyi, mafomu akhale atalowa pofika mu Febuluwale. Mtengo wa visa ndi mayuro 90 pa munthu wamkulu, ndipo akakukanani ndalamazo sizibwerera. Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri osalembedwa, komanso yoti ikhalebe ikugwira ntchito miyezi itatu mutachoka ku Ulaya. Mufunikanso inshuwalansi ya paulendo yokhoza kulipira chipatala mpaka mayuro 30,000 m'mayiko onse a Schengen.

Wowerenga mapepala anu amafuna atsimikize zinthu ziwiri: kuti ndalama muli nazo, ndi kuti mubwerera kwanu. Mupereke masitetimenti a ku banki a miyezi ingapo, makalata a kuntchito osonyeza kuti mwapatsidwa tchuthi ndipo ntchito ikukudikirani, mtchatho wanu wa ukwati, ndi mapepala a nyumba kapena bizinesi ngati zilipo. Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musabwereke ndalama kwa mbale n'kuziponya mu akaunti kutatsala sabata imodzi kuti sitetimenti ioneke yonenepa. Amaziona, ndipo zikhoza kuwononga mbiri yanu pa visa zam'tsogolo. Apanso mizinda itatu ikuthandizani, chifukwa ulendo wooneka wanzeru umakhulupirika msanga kuposa wa mizinda isanu ndi iwiri m'masiku 11. Mahotela musungitse aja amalola kusintha maganizo popanda kulipira, ndipo tikiti ya ndege yosabwezeka musaigule visa isanatuluke.

Pogula tikitiyo, musagule yopita ndi kubwerera ku Paris. Gulani yolowera ku Paris ndi kutulukira ku Roma, yonse pa tikiti imodzi. Pa masamba ogulitsa matikiti amaitcha multi-city, ndipo wogulitsa matikiti aliyense m'tauni amaidziwa. Ethiopian Airlines imatera ku Paris komanso ku Roma kudzera ku Addis Ababa, choncho njira imeneyi ndi yotheka popanda kusintha kampani. Mtengo wake sumasiyana kwambiri ndi wa tikiti wamba, koma imakupulumutsirani tsiku lathunthu lobwerera m'mbuyo kukakwera ndege.

Mwezi mwasankha bwino. Mu Meyi kuzizira kwatha koma kutentha kwa mu Julayi ndi Ogasiti sikunafike, ndipo khamu la alendo silinafike pachimake. Komanso kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, nthawi ya ku France ndi ku Italy imafanana ndendende ndi yathu, ndiye kuti thupi silisokonezeka tulo, ndipo ana kunyumba muwaimbira osawerengera maola. Chimene chidzakudabwitseni ndi dzuwa. Ife tinazolowera kuti 6 koloko kwada, koma ku Paris mu Meyi kumakhala kukuwala mpaka cha m'ma 9 usiku. Zimakoma, koma zimanyenga: munthu amayenda mpaka miyendo kutupa poganiza kuti tsiku likadalipo. Juzi ndi kajekete ka mvula musasiye, m'mawa ku Paris kumazizira ndithu.

Tsiku lofika musakonze chachikulu chilichonse. Mudzakhala mutagona chokhala mundege. Kwerani sitima ya RER B kuchokera pabwalo la Charles de Gaulle kulowa m'tauni, siyani katundu kuhotela, kayendeni m'mbali mwa mtsinje wa Seine, mukalowe mu Notre-Dame, tchalitchi chija chinapsa mu Epulo 2019 ndipo chinatsegulidwanso mu Disembala 2024. Kulowa ndi kwaulere. Idyani msanga mukagone. Masiku otsatirawo, chinthu chachikulu chimodzi patsiku, m'mawa, kenako masana akhale omasuka. Tsiku lina Louvre, nyumba yosungiramo zojambulajambula ndi zakale, lina nsanja ya Eiffel, lina phiri la Montmartre ndi tchalitchi choyera cha Sacré-Cœur. Louvre ndi yaikulu moti simungaimalize. Sankhani zipinda zochepa, mukhalemo maola atatu, mutuluke mutu usanayambe kuwawa. Chithunzi cha Mona Lisa ndi chaching'ono ndipo chili kuseri kwa galasi ndi khamu la anthu okweza mafoni. Kachioneni, koma musaweruze nyumba yonse ndi icho. Kuyambira mu Januwale 2026 alendo ochokera kunja kwa Ulaya amalipira mayuro 32 polowa. Nsanja ya Eiffel, yomwe inamangidwa mu 1889, ndi yabwino kuikwera madzulo, ndipo kukada imanyezimira kwa mphindi zisanu ola lililonse likakwana. Mayi, imeneyo ndiye nthawi yanu. Khalani pa udzu kapena pa masitepe a Trocadéro ndi abambo, foni ili m'thumba.

Masiku otsekera ndiwo amagwetsa madongosolo ambiri, choncho ikani kalendala patebulo musanasungitse chilichonse. Louvre satsegula Lachiwiri. Nyumba ya zojambulajambula ya Musée d'Orsay ndi nyumba yachifumu ya Versailles satsegula Lolemba. Ku Florence, nyumba za zojambulajambula za Uffizi ndi Accademia nazonso amatseka Lolemba. Nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican amatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi pamene kulowa ndi kwaulere ndipo mzere umazungulira mpanda. Malo onsewa, pamodzi ndi Colosseum, bwalo lakale la ku Roma, amagulitsa matikiti a tsiku ndi ola lake pa intaneti. Gulani pa masamba awo enieni visa ikangotuluka, chifukwa masamba ena amadzionetsa ngati eni ake n'kumagulitsa tikiti yomweyo pamtengo wokwera kwambiri.

Kuchoka ku Paris kupita ku Florence, kwerani ndege, maola osakwana awiri. Pa sitima n'zotheka kudzera ku Milan, ndipo mapiri a Alps ndi okongola, koma tsiku lonse litha. Chenjerani ndi ndege zotchipa. Mtengo mumauona poyamba ulibe sutikesi, ndipo zina zimanyamukira ku Beauvais, bwalo limene amalitcha la Paris koma lili makilomita oposa 80 kuchokera mumzinda. Werengerani katundu ndi basi yokafikira kubwalo musanati mwapeza zotchipa.

Florence ndaiika pakati dala, kuti mupumire. Ndi yaing'ono, paliponse mumafika wapansi. Kaoneni ku Accademia chiboliboli cha David chimene Michelangelo anasema pa mwala umodzi, chotalika mamita oposa asanu. Ngati mawondo alola, kwerani masitepe 463 a denga lozungulira la tchalitchi chachikulu, limene Brunelleschi anamaliza mu 1436. Njira yake ndi yopapatiza, imadutsa pakati pa zipupa ziwiri za dengalo, ndipo pena mumayenda mowerama, phewa likukhudza njerwa zakale. Mukatulukira pamwamba mumaona madenga ofiira a mzinda wonse ndi mapiri a mitengo ya azitona kuzungulira. Madzulo wolokani mlatho wa Ponte Vecchio mukwere ku Piazzale Michelangelo dzuwa likamalowa. Tsiku limodzi mwa atatuwo musalembepo kanthu. Mukafuna, Pisa ndi nsanja yake yopendekeka ili ola limodzi pa sitima. Mukafuna kugona mpaka 10 koloko, gonani. Mwapita kukakondwerera banja, si kukalemba mayeso.

Sitima zothamanga zopita ku Roma ndi za makampani awiri, Frecciarossa ya Trenitalia ndi Italo. Matikiti ake amatsika mtengo mukagula kukadali masabata angapo, ndipo amakhala ndi nambala ya mpando. Posaka pa intaneti lembani maina a masiteshoni momwe eni ake amalembera: Firenze Santa Maria Novella ndi Roma Termini. Tikiti ya Eurail, yokwerera sitima zambiri m'mayiko a ku Ulaya, imene anthu ambiri amaitchula, simukuifuna pa ulendo wa sitima imodzi kapena ziwiri. Koma mukakwera sitima wamba, monga ya ku Pisa, ndi tikiti ya pepala, muidinditse pa kamakina ka papulatifomu musanakwere. Osadinditsa amamulipiritsa chindapusa, ndipo kunena kuti ndine mlendo sikuthandiza. M'mabasi a ku Roma ndi chimodzimodzi.

Ku Roma, abambo atsogolere. Konzani kuti masiku anu kumeneko akhale ndi Lachitatu kapena Lamlungu. Lachitatu m'mawa, Papa akakhala ali mumzinda, amakumana ndi anthu. Matikiti ake ndi aulere koma amapemphedwa nthawi isanakwane, ndipo ansembe a ku parishi yanu akhoza kukulangizani njira yake. Lamlungu 12 koloko masana amaonekera pawindo kutsogolera pemphero la Angelus (kapena la Regina Caeli m'nyengo ya Pasaka), ndipo apo sipafunika tikiti. Kulowa mu tchalitchi cha Petulo Woyera ndi kwaulere, koma mzere wa chitetezo umatalika, ndiye fikani m'mamawa. Mapewa ndi mawondo akhale ophimbidwa, kwa amuna ndi akazi omwe. Chitenje chimodzi m'chikwama chithetsa vutoli. Vatican muipatse tsiku lake lokha. Sistine Chapel, imene denga lake Michelangelo analijambula kuyambira 1508 mpaka 1512, ili kumapeto kwa njira yaitali yodutsa m'zipinda zambirimbiri, ndipo mukatulukamo mphamvu zoonera china zimakhala zitatha. Tsiku lina ndi la Colosseum, bwalo limene linatsegulidwa m'chaka cha 80 AD, pamodzi ndi mabwinja a Forum amene ali pa tikiti yomweyo. Pantheon, kasupe wa Trevi ndi Piazza Navona zili moyandikana, ndi ulendo wa madzulo amodzi wapansi. Chakudya chokumbukira zaka khumi zanu mukadyere ku Trastevere, kutsidya kwa mtsinje wa Tiber. Tsiku lobwerera, sitima ya Leonardo Express imachoka ku Termini kukafika pabwalo la Fiumicino m'mphindi 32.

Za ndalama, kambiranani ndi banki yanu msanga. Mukudziwa nokha momwe ndalama zakunja zimavutira kuno, ndipo khadi limene limagwira ntchito ku Lilongwe likhoza kukhala ndi malire ochepa kunja. Funsani malirewo, funsani kuti mayuro angakupatseni angati ndipo afuna mapepala anji, ndipo lipiriranitu zonse zimene zingalipiridwe musananyamuke. Aliyense wa inu akhale ndi khadi lake ndi ndalama zake zapamanja, kuti chikwama chimodzi chikasowa ulendo usaime. Makina akakufunsani ngati mulipire mu mayuro kapena mu ndalama ina, sankhani mayuro. Mizinda itatu yonseyi ili ndi msonkho wa alendo wolipira pa munthu tsiku lililonse wagona, ndipo nthawi zambiri umalipiridwa kuhotela komweko, choncho musadabwe nawo.

Hotela ikhale pakati pa mzinda kapena pafupi ndi siteshoni ya metro (sitima ya pansi pa nthaka), ngakhale chipinda chichepe. Yotchipa ya kutali idzakudyerani maola awiri tsiku lililonse ndipo simudzatha kubwerera kukapuma masana. Funsani ngati muli chikepe, popeza nyumba zambiri zakale zilibe. Pa chakudya, idyani bwino kamodzi patsiku, kwinako buledi, tchizi ndi zipatso za m'sitolo. Ku France madzi a pampopi m'lesitilanti ndi aulere mukapempha carafe d'eau. Ku Italy khofi womwera choimirira pakauntala ndi wotchipa kuposa wa patebulo, ndipo pa bilu mukhoza kupeza kandalama kotchedwa coperto, kolipirira malo amene mwakhala. Si kuba, ndi mwambo wawo. Ku Roma m'misewu muli timipopi tachitsulo totuluka madzi abwino akumwa usana ndi usiku, ndiye nyamulani botolo. Lesitilanti imene ili moyang'anizana ndi malo otchuka, yokhala ndi munthu pakhomo wokuitanani, idutseni mulowe misewu iwiri m'kati.

Opisa m'matumba alipo, makamaka mu metro ya ku Paris, pa Termini ndi m'basi nambala 64 yopita ku Vatican. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale patebulo la panja, ndipo munthu wofuna kukumangani kachingwe padzanja kapena kukusainitsani pepala mungomudutsa. Ku Paris, mukalowa m'sitolo yambani ndi bonjour. Kwa ife ozolowera moni si chachilendo, ndipo mudzaona nkhope zikumasuka. Sutikesi imodzi yapakatikati aliyense, nsapato zimene mwaziyendera kale, ndi adaputala ya mapulagi, chifukwa athu a mano atatu salowa m'masoketi a kumeneko. Mapepala a hotela, inshuwalansi ndi tikiti yobwerera muwasindikize, akhale m'chikwama cha m'manja pofika pachipata cha ku Paris, pamene adzakujambulani nkhope ndi kutenga zidindo za zala.

Chinthu china chimene chimasokoneza mabanja paulendo ndi chakuti mmodzi amakonza zonse, mnzake n'kumangotsatira, ndipo zikavuta wolakwa amakhala wokonzayo. Popeza ndinu mwalemba kalatayi, ndikuganiza kuti mtolowo uli pa inu. Gawanani. Inu konzani Paris, abambo akonze Roma kuyambira hotela mpaka matikiti, Florence mukonzere limodzi. Abambo akakhala okonda mpira, aone ngati Roma kapena Lazio ikusewera pa Stadio Olimpico masiku amenewo, popeza ligi ya ku Italy imatha chakumapeto kwa Meyi. Mugwirizanenso musananyamuke za ndalama zogulira mphatso za abale, chifukwa mndandanda wa otumiza umatalika ulendo ukangomveka, ndipo sutikesi ili ndi malire a makilogalamu.

Sabata ino chitani zitatu: onani tsiku lothera mapasipoti anu onse awiri, pezani kumene mukapereke mafomu a visa ya Italy, ndipo sankhani tsiku lonyamuka moti Lachiwiri lisakulandeni Louvre, Lolemba lisakulandeni David, ndipo Lachitatu kapena Lamlungu likupezeni muli ku Roma. Mwachitsanzo, mukanyamuka ku Lilongwe Lachitatu, mufika ku Paris Lachinayi, mupita ku Florence Lolemba, mulowa mu Roma Lachinayi, Lamlungu masana muli pabwalo la Petulo Woyera, ndipo Lolemba munyamuka kubwerera kumudzi.